Masiku Khumi a Pyo Man-dol Kwawo

Kalatayo inafika Lachiwiri masana, tili kuseri kwa sitolo tikutsuka matumbo a ng'ombe. Envelopu yake inali yopyapyala, ya sitampa ya ku Korea, ndipo dzina lolembedwa pamwamba linali loti ku Tagawa kuno panalibe ankaitanira nalo bambo anga: Pyo Man-dol. Makasitomala ankawatchula dzina la Chijapani lomwe anawapatsa kumgodi. Amayi ankangoti "bambo a Hwa-ja," poti woyamba kubadwa ndine.

Tinali ndi kanyumba kootchera nyama pafupi ndi siteshoni ya sitima, ka matebulo asanu. Tinkagulitsa matumbo, chifu ndi chiwindi, zinthu zomwe Ajapani poyamba ankataya, kenako n'kuyamba kuzikonda. Pa banja lonse wodziwa kuwerenga Chikoreya ndinali ine ndekha, chifukwa ndinaphunzirako zaka zinayi kusukulu ya Akoreya. Ndinapukuta manja pa epuloni n'kung'amba envelopu ija.

"Kwa Bambo amene sindikuwadziwa nkhope," ndinayamba kuwerenga, liwu limodzilimodzi ngati mwana woyamba kumene sukulu. "Ine ndine Sang-gil, mwana wanu. Munachoka ndikukwawa. A Ham a kumudzi wa kutsidya, amene anabwera chaka chatha kuchokera kumeneko kudzaona manda a makolo awo, atiuza kuti muli moyo ndipo mumaotcha nyama ku Japan."

Ndinaima. Madzi a pampopi ankangosefukira m'beseni. Bambo anali atagwira thumbo m'manja, osalifinya, osalisiya.

"Werenga," anatero amayi. "Ukadumpha liwu ndidziwa."

"Agogo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, akukutchulani. Amayi alipo. Sanakwatiwenso. Bwerani kwanu. Ngati bambo aang'ono a Cha-dol muli nawo, mubwere nawo."

Ndinapinda pepalalo. "Cha-dol ndani?"

Bambo anatseka mpopi, navula nsapato za mphira, n'kulowa m'nyumba akutsokomola. Amayi anakokera beseni kwa iwo n'kupitiriza ntchito.

"Amayi, munkadziwa?"

"Zoti anali ndi mkazi? Nanga amuna onse a kumgodi aja anagwa kuchokera kumwamba? Aliyense anasiya wake. Tandipatsa mchere uwo, makasitomala sadya kalata."

Chinali chaka cha 1974, ndili ndi zaka 25, ndipo zomwe ndinkadziwa za bambo anga zinali zochepa. Anawatenga mu 1943 pa lole, n'kuwaolotsa nyanja kudzakumba malasha a nkhondo. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, iwo anatsala. Fumbi la mumgodi linawakhazikika m'mapapo, moti pokwera masitepe a kunyumba ankapuma kawiri, ndipo mwezi uliwonse ankapita kuchipatala cha anthu a m'migodi. Kamodzi pachaka ankatenga chikwakwa n'kupita kukaphiri ka kuseri kwa mgodi wotsekedwa, komwe kunali timiyala tambirimbiri topanda mayina pakati pa nsungwi. Ankati akukalambulira anzawo. Tikawafunsa chifukwa chomwe sanabwererere ku Korea, ankati, "Sitima inandisiya," n'kuseka.

Mapepala a ulendo anatenga chaka chathunthu. Tinalowa m'gulu la anthu opita kukaona manda pa chikondwerero cha zokolola, ulendo wa masiku khumi. Chofunika kuposa zonse chinali kabuku kololeza kulowanso m'Japan. Ife obadwira konkuno ndi iwo obwera pa lole, tonse tinali alendo pamaso pa boma, ndipo wopanda kabukuko akangotuluka, chitseko chinkatsekeka kumbuyo kwake.

Amayi anakana kupita nawo.

"Ndikatani kumeneko? Ndikagwadire mkazi mnzanga? Upite ndiwe, Hwa-ja, uzikawakumbutsa mankhwala."

Anawalongedzera sutikesi yaikulu. Ndinawaona akuikamo ndi malaya a m'chisanu omwe, pamene tinkanyamuka mu Seputembala.

"Zimenezo n'zachiyani, mayi a Hwa-ja?" anafunsa bambo. "Ndi masiku khumi okha."

"Kumapiri kumazizira msanga. Ndipo mukawauze amayi akuluwo kuti katundu ndikuwatumizirayu ndi wotha kale. Mapapo ngati sefa, mano anayi okha. Asadzati ndawawonongera dala."

"Mano anathera kutafuna mawu ako."

Anaseka onse awiri, koma tsiku lonyamuka amayi sanatiperekeze kusiteshoni. Anati sangasiye makala akuyaka.

Sitima ya pamadzi inatitula ku Pusan m'mawa. Potulukira panali chinamtindi cha anthu atakweza zikwangwani za mayina, ena akulira asanamuone n'komwe munthu wawo. A Sang-gil sindinawadziwire chikwangwani. Ndinawadziwira makutu ndi kaimidwe, phewa limodzi lotsika, ndendende bambo. Anali ndi zaka 33, akuda ndi dzuwa, atavala jekete yobwereka yowapana m'khwapa. Anagwada pasimenti pomwepo, chipumi mpaka pansi. Bambo anangoima, manja ali lende.

"Dzuka, udetsa thalauza," anatero. Mawuwo anatuluka m'Chijapani. Anazindikira mochedwa, nabwereza m'Chikoreya. Kenako anandiloza. "Uyu ndi Hwa-ja. Mlongo wako."

A Sang-gil anandiyang'ana kuyambira tsitsi mpaka nsapato. "Amamva chinenero chathu?"

"Ndimamva, achimwene."

"Chabwino." Ananyamula sutikesi ija paphewa n'kutsogola.

Mudzi unali m'mapiri, maola anayi pa basi. Njira yonse bambo anakakamira pawindo kufuna kuzindikira kanthu, koma madenga a udzu anali atawachotsa n'kuika opakidwa utoto wofiira ndi wobiriwira, mlatho wamitengo unali wa simenti. Chomwe anachidziwa ndi mtengo waukulu wa polowera m'mudzi. Pansi pake panakhala nkhalamba zitatu.

"Ameneyu ndi Man-dol?" inakuwa ina, yopanda mano. "Iwe, mpunga wa pamaliro ako tinadya kalekale. Ukufuna tisanze?"

Bambo anaseka n'kuyankha kanthu, ndipo nkhalamba zonse zinagwa nacho chiseko.

"Tamumvani! Akulankhula ngati wameza Mjapani wamoyo!"

Bambo anasekanso nawo, koma kuyambira pamenepo ankayamba aganiza asanatsegule pakamwa.

Amayi akulu, a Bun-i, anatidikira pachipata. Anali ochepa thupi, msana wopindika, m'manja muli lichero la tsabola wofiira lomwe anaiwala kuika pansi. Ndinkayembekeza kulira, mwinanso kukomoka. Iwo anangoyang'ana bambo kwa nthawi yaitali.

"Mwabwera," anatero. "Mwadya?"

"Tadya m'basi."

"Za m'basi si chakudya." Anatembenukira kwa ine, n'kundigwira dzanja, kulitembenuza kuti aone chikhatho. "Manja ogwira ntchito. Amako anakulera bwino. Lowani."

A Sang-gil anali atamanga chipinda chatsopano m'mbali mwa nyumba, pansi pomatidwa pepala lonyezimira, ngalande ya moto yodutsa kunsi kuti m'chisanu muzifunda. "Ichi n'chanu, Bambo. Khomo layang'ana kum'mwera, dzuwa lizikupezani muli m'kati." Mawa lake anawatenga kukawaonetsa minda ya mpunga, yosanjikizana ngati masitepe m'mbali mwa phiri. Bambo anafika pamunda wachiwiri okha, mpweya n'kuwathera. Ana atatu a achimwene ankawatsatira paliponse akuti agogo, agogo. Za masiku khumi panalibe anazitchula.

Tsiku lachinayi linali la chikondwerero. Tinakwera kumanda titanyamula mpunga watsopano, zipatso, nsomba zouma ndi mowa. Bambo anapuma kasanu panjira. Manda a agogo anali mulu wozungulira wa kapinga wometedwa bwino, ndipo cha kunsi kwake kunali timilu tiwiri tating'ono.

"Awa ndi a yani?" anafunsa bambo.

"Awa ndi anu, awo ndi a bambo aang'ono," anayankha a Sang-gil. "Muli zovala zokha. Agogo anakana zaka khumi ndi zisanu, kenako analola. Anuwa tiwasalaza. A bambo aang'onowa ndiye mutiuze inu."

Bambo anathira mowa pamanda a mayi awo, nagwada, ndipo sanadzuke. Analankhula nkhope ili m'kapinga.

"Amayi, Cha-dol sindinabwere naye."

Apa m'pomwe ndinamva nkhaniyo koyamba. Apolisi atabwera kudzafuna mwamuna mmodzi pa nyumba iliyonse, bambo anathawira kuphiri, poti anali ndi khanda. Apolisiwo anagwira mng'ono wawo Cha-dol, wa zaka 17. Bambo atamva anatsika kukadzipereka kuti mng'onoyo amasulidwe, koma apolisi anangowakweza onse awiri. Lole ikunyamuka, mayi awo anathamanga m'mbali mwake akukuwa kuti, "Usamusiye dzanja!" Chaka chotsatira denga la mgodi linagwa. Mitembo sanaipereke kwa abale. Anaikwirira kukaphiri ka nsungwi kaja, munthu aliyense kamwala kake. Bambo tsiku limenelo anali atawatsekera m'chipinda cha olangidwa chifukwa anakana kulowanso pansi, choncho sanaone kuti kamwala ka Cha-dol ndi kati.

Amayi akulu anapita pa kamulu ka Cha-dol n'kuyamba kuzula timaudzu.

"Ankakonda mbatata," anatero. "Ndikanadziwa ndikanabweretsa."

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, tikudya masana pakhonde, bambo anafunsa nthawi yomwe basi ya ku Pusan imadutsa. A Sang-gil anaika timitengo todyera pansi.

"Basi ya Hwa-ja?"

"Ya tonse awiri."

"Mukubwerera? Kwa anthu omwe anakwirira m'bale wanu ngati galu? Omwe amakudindani zala ngati mbava? A Ham atiuza zonse. Akuti ana anu amabisa mayina awo, akuti ntchito yabwino sawalemba. Kumeneko n'komwe mukuti kwanu?"

"Sindinati kwathu."

"Nanga n'kuti?"

"Kuli mkazi ndi ana."

"Kuno mwapeza zitsa?"

Bambo anafuna kuyankha koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka misozi, nalavulira m'kansalu makhololo akuda. Ana anasiya kudya. A Sang-gil anaimirira, n'kutenga chikwakwa, ulendo wa kumunda mbale ili yodzaza.

M'mawa mwake, potenga mankhwala m'chikwama, ndinapeza kuti kabuku ka bambo mulibe. Kanga kanalimo. Ndinakhuthula zonse, ndinasanthula pansi pa zofunda, kenako ndinakwera kumunda. Achimwene ndinawapeza atawerama akumweta mpunga.

"Achimwene, bwezani kabuku."

"Kabuku kanji?"

"Musandiyese mwana. Popanda chipatala cha uko bambo safika chaka chamawa. Kuno chipatala chili maola awiri."

"Akafera kuno vuto n'chiyani? Munthu amafera kwawo." Anaweramuka, thukuta lili chuchuchu. "Iwe wakhala nawo zaka 26. Anakunyamula, anakugulira nsapato, anakumenyapo ukalakwa. Ine ndakhala nawo masiku asanu ndi atatu, ndipo masikuwo ukundiwerengeranso. Kusukulu ankanditcha mwana wa mzukwa. Asilikali atatilanda ng'ombe, amayi anakoka pulawo ndi phewa, ine ndikugwira kumbuyo. Amuna atatu anabwera kudzawafunsira, onse anawakana. Ndiye iwe wabwera ndi tinsapato tako tonyezimirato kudzandiuza za chipatala?"

Mawu a Chikoreya anandithera. Zomwe zinatuluka m'kamwa mwanga zinali za Chijapani, ndipo sanali mawu abwino.

"Eya," anatero a Sang-gil. "Chinenero chako n'chimenecho." Anaweramanso.

Nditawauza bambo, anangoti, "Musiye." Anakhala tsiku lonse m'chipinda chatsopano chija, khomo lili chitsegukire, akuyang'ana phiri. Ndinachita mantha. Ndinaganiza kuti mwina zawakomera kuti wina wawasankhiranso, monga lole ija inawasankhira. Ndinayamba kulingalira mawu omwe ndikawauze amayi ndikakatsika sitima ndekha, ndipo sindinawapeze.

Tsiku lachisanu ndi chinayi masana, amayi akulu anayala tsabola pamikeka pabwalo. Bambo anatuluka n'kukhala pambali pawo, akuwathandiza kutembenuza. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka mbale, ndipo chitseko cha pepala sichibisa mawu.

"Bambo a Sang-gil, ndikufunseni kamodzi kokha," anatero amayi akulu. "Nkhondo itatha amuna a m'midzi ino anabwera. Ena opanda miyendo, ena atanyamula timabokosi ta mafupa a anzawo. Ine ndinkapita kumsewu tsiku lililonse mwana ali kumbuyo. Inu munali kuti?"

"Padoko la Hakata."

"Sitima inakusiyani?"

"Ayi. Ndinagona padokopo masiku khumi ndi asanu ndi anayi kudikira malo. Dzina langa litaitanidwa ndinafika mpaka pathabwa lokwerera. Ndiye ndinawaona amayi m'maganizo, ataima pamtengo paja, osayang'ana ine koma kumbuyo kwanga. Tikiti ndinapatsa munthu wina. Ndinati ndikafufuze kaye kamwalako, ndibwere ndi mafupa chaka chamawa."

"Chaka chamawa."

"Ndinafunsa aliyense. Kapitawo anali atathawa, mabuku anawatentha. Kenako ndinadwala, ndinagona m'chisakasa miyezi itatu, mtsikana wina wogulitsa mowa n'kumandimwetsa phala. Ndi mayi ake a Hwa-ja amenewo. Kenako kuno kunabuka nkhondo ina. Kenako ana. Kulemba kalata ndinkakuopa kuposa kulowa mumgodi."

"Amayi anu sakanakudyani. Akanalira, akanakumenyani pamsana, kenako akanakupakulirani mpunga."

"Pano ndikudziwa."

"Ndiye lero woti mumuope palibe. Mutsala?"

Ndinasiya kutsuka, mbale ili m'manja.

"Ayi," anatero bambo.

"Chifukwa cha chipatala?"

"Ndikanatha kunena choncho, koma ndinganame. Inu ndinakusiyani chifukwa anandikweza pa lole. Wa ku Japan uja ndikamusiya, ndimusiya ndi miyendo yangayi. Sindingachite kawiri. Ndiponso Cha-dol ali uko. Ndikapanda kupita ine ndi chikwakwa, nsungwi ziwameza onse." Anapuma pang'ono kufuna mpweya. "Kuno ndikadzuka m'mawa sindidziwa choti ndigwire. Mwanayu amanditsegulira chitseko ngati mlendo wa boma. Uko amandinyoza, sindikana. Koma ndikudziwa pomwe mpeni wanga umakhala."

Ndinasuzumira pomwe pepala linang'ambika. Amayi akulu anadzuka atagwira bondo, n'kupita pomwe pankakhala mitsuko ikuluikulu, kuseri kwa chitsime. Anavundukula umodzi, napisa dzanja m'nyemba zouma mpaka m'chigongono, n'kutulutsa kabuku kaja kali kokulunga m'nsalu.

"Ndinamuona Sang-gil akubisa," anatero. Sanawapatse nthawi yomweyo. Anakhala pansi kabukuko kali pamiyendo. "Ine ndinkadikira mnyamata wa zaka 23, wa miyendo italiitali, yemwe ankaimba akamawaza nkhuni. Ameneyo ndinamuika kumtunda kuja, ndinamulira mpaka misozi inatha. Inu sindikukudziwani. Tsabola wanga akukuwawani, madzi athu akukutsegulani m'mimba, mukagona mukuitana mayi a Hwa-ja. Ndikusamalireni zaka ziwiri, kenako ndikuikeninso? Ndatopa, bambo a Sang-gil."

"Ndakulakwirani."

"Zimenezo mukauze amayi anu kumanda." Anawaponyera kabukuko pamkeka. "Koma mwanayu musamuuze kuti ndakuthamangitsani ine. Mupite mukamuuze nokha kuti mwasankha. Akwiyire inu. Wotsala naye ndine."

Anadzipukuta m'maso ndi dzanja lomwe ankagwirira tsabola, n'kuyamba kumutukwana tsabolayo mokweza kuti chaka chino ndi wamwano.

Bambo anakwera kumunda okha, atakana kuti ndiwagwire mkono. Ndinawaonera patali. Anaima pamzere pafupi ndi achimwene n'kulankhula kanthawi kochepa. Achimwene sanasiye kumweta. Kenako ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo kwa munthu wa msinkhu wawo: bambo anavula chipewa n'kuweramira mwana wawo, mutu mpaka m'mawondo. Achimwene anasuntha n'kukayamba mzere wina.

Tsiku lonyamuka a Sang-gil analawirira kumunda. Amayi akulu anatiperekeza mpaka pamtengo paja. Nkhalamba zija zinalipo, koma palibe inaseka. Basi ikutulukira pamlatho, amayi akulu anandipatsa thumba la tsabola wosinja.

"Ukapatse amako. Ukawauze asathire wambiri, ndi waukali."

Kwa bambo anangoti, "Muyende bwino," monga amanenera kwa munthu wopita kumsika. Basi itakhota ndinacheuka, ndipo anali atayamba kale kubwerera, manja ali kumbuyo. Bambo sanacheuke. Anakhala chiwongokere mpaka ku Pusan, kabuku kali m'thumba la malaya, dzanja lili pamwamba pake.

Tinafika ku Tagawa madzulo a tsiku lotsatira, sitolo itadzaza. Amayi anali akukupiza makala. Anakweza maso, anaona ine, anaona bambo kumbuyo kwanga, n'kuweramiranso makala aja nthawi yaitali.

"Tebulo lachitatu likufuna chiwindi," anatero. "Mwaima ngati alendo bwanji?"

Bambo anavala epuloni pamwamba pa jekete. Patapita kanthawi ndinapita kuseri kukatenga mbale, ndipo ndinapeza amayi atakhala pa ndowa, epuloni ili kumaso. Ndinabwerera mwakachetechete.

Bambo anakhala zaka zina zisanu. Chaka chatsopano chilichonse ankandikhazika pansi kuti ndilembere a Sang-gil kalata, ndipo makalatawo ankanena za nyengo, za chifuwa, ndi kufunsa ngati mpunga wabereka. Yankho silinabwere ngakhale limodzi. Chomwe chinkabwera mu Novembala chinali phukusi la tsabola, lopanda kalata. Amayi ankamuthira m'msuzi wa nyama, makasitomala n'kumayamikira, iwo osanena komwe wachokera.

Ku Japan zinthu sizinasinthe chifukwa choti bambo anasankha kutsala. Anapitabe kukadinda chala kuofesi nthawi yake itakwana. Mlongo wanga wamng'ono anamaliza sukulu bwino, koma makampani atatu anamukana ataona mapepala ake, ndipo anathera pa lole yonyamula zitsulo zakutha. Tsiku lina atakhuta mowa anawafunsa bambo kuti anabwerera kudzatani m'dziko lotere. Bambo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Kudzamva mwano wako."

M'chipatala, masiku awo omaliza, ndinawafunsa komwe akufuna kukagona. Anatseka maso.

"Kulikonse ndinganene, wina alira. Mukakangane nokha."

Anamwalira mu Febuluwale 1980. Ndinatumiza uthenga ku Korea, ndipo patatha milungu itatu kalata ya achimwene inabwera, yachiwiri m'moyo wawo wonse. Inali ya mizere inayi. Anati mwana wamwamuna woyamba ndi iwo, manda alipo kale, titumize phulusa.

"Ali moyo anabwera ndi miyendo yawo," anatero amayi. "Atafa ndiwatumize pa positi?"

Alongo anga awiri anagawikana, wina mbali ya amayi, wina ankati mwambo ndi mwambo. Ine sindinaime mbali iliyonse, chifukwa ndinali nditaona nyumba zonse ziwiri. Mtsuko wa phulusa tinausiya kukachisi wa pafupi, pa shelefu ya mitsuko yodikira, ndipo unakhala pamenepo chaka ndi chaka. Mu 1986 tsabola sanabwere. Ndi mmene tinadziwira kuti amayi akulu atisiya.

Achimwene anabwera mu 1989, osatichenjeza. Ndinawapeza ataima pakhomo pa sitolo masana, tisanatsegule, atagwira kapepala ka adiresi, tsitsi litayamba imvi. Amayi anatuluka kukhitchini, anawayang'ana makutu aja, n'kugwira tebulo.

"Khalani pansi," anatero m'Chikoreya chawo cha kumsika. "Ndikuotchereni kanthu."

Achimwene anadya, amayi ataima pambali akutembenuza nyama. Atatha anayang'ana denga lakuda ndi utsi, matebulo asanu aja, kampopi ka kuseri.

"Ndi pano?" anafunsa. "Ndimayesa ndi nyumba yaikulu."

Tinapita nawo kukachisi. Wansembe anatsitsa mtsuko, achimwene n'kuulandira ndi manja awiri. Anaugwira pachifuwa nthawi yaitali.

"Ndi opepuka," anatero.

"Tengani theka," anatero amayi. "Ndaganiza zaka zisanu ndi zinayi. Tengani theka."

"Munthu sagawidwa ngati nyama ya pamsika, amayi aang'ono." Anaubwezera okha pa shelefu, n'kuutembenuza kuti dzina liyang'ane kutsogolo. "Ndinabwera kudzawatenga. Koma anandiuza okha kumunda kuja, ndipo ndinamva. Asiyeni."

Mawa lake ndinawaperekeza kusiteshoni. Tinakhala pabenchi, chikwama chawo chili pakati pathu. Sitima itayamba kumveka patali, anafunsa osandiyang'ana.

"Kalata yanga ija isanafike, ankatinenako?"

"Ankakunenani," ndinayankha. "Kawirikawiri."

Ananditembenukira, nandiyang'ana m'maso, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinadziwa kuti sanakhulupirire. Sitima itaima ananyamula chikwama, n'kundiuza kuti ndiwasamale amayi, nakwera.

Bambo tinawaika ku Tagawa chaka chomwecho, m'manda a kumtunda kwa tauni. Amayi anawatsatira mu 1997. Pamaliro awo achimwene sanabwere, anali atayamba kuvutika miyendo, koma anatumiza mwana wawo wamkazi. Anagona kwathu masiku atatu, ndipo ana anga, omwe Chikoreya sachidziwa, ankacheza naye ndi manja.